Wogula Nyama Amene Anakana Ng'ombe Yanga

Linali Lachiwiri la sabata yachiwiri ya February, nthawi ili hafu pasiti faifi m'mawa, pamene ng'ombe yanga inakana kuponda ndi mwendo wakumbuyo wakumanzere. Abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba pano mwa apo ndi apo, moni nonse m'dzina la Ambuye wathu. Ine si munthu wa mawu ambiri, ndipo ena a inu mumandidziwa choncho. Koma akazi anga akhala akundiuza kuti zimene Mulungu anatichitira chaka chino si zokhalira chete, ndiye lero ndalola kuti ndizifotokoze monga momwe zinachitikira, osabisa ndi pamene ndinalakwitsa ine.

Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Ndinali wosunga makiyi a kosungira katundu. Sitoloyo itatsekedwa anandipatsa kangachepe kotsanzikirana, ndipo nditaganiza miyezi iwiri ndinagula ng'ombe imodzi yamkaka, yamawanga akuda ndi oyera. Timakhala ku Nancholi, chakumapeto kumene nyumba zimayamba kutalikirana, ndipo kumunsi kwathu kuli kadambo kumene anzanga atatu oweta amadyetserako. Akazi anga, mayi a Tiyamike, ndiwo anaipatsa dzina. Anati, "Imeneyi ndiye Penshoni yanu, ina kulibe." Dzinalo linakhala lomwelo. Inabereka mu November, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chimene tinkadya pakhomo pathu chinkachokera m'bere lake.

Tsiku limene inafika, alangizi a ziweto anandionetsa njira yodziwira ngati ng'ombe ikunenepa kapena ikuwonda popanda sikelo. Umazunguliza chingwe pachifuwa pake, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, n'kumanga mfundo pamene chingwecho chakumana. Ine kuyeza zinthu ndinakuzolowera kuntchito, choncho Loweruka lililonse ndinkazunguliza chingwe chija. Mu January mfundo inayamba kupitirira ndi chala chimodzi. Sindinade nazo nkhawa. Ndinali nditamva kuti ng'ombe yokamidwa imatsikako thupi, komanso msipu unali wobiriwira paliponse. Ndinafika posiya kuipatsa madeya, poti anali atakwera mtengo, ndipo ndinkadziuza kuti udzu wochuluka chonchi ungoikwanira.

M'mawa wa Lachiwiri uja ndinalowa m'khola ndi ndowa ngati masiku onse. Penshoni inali chiimire, koma mwendo uja inkangougunditsa pansi ndi nsonga, ngati munthu woyesa madzi otentha. Pokama inkangosunthasuntha mpaka inatsala pang'ono kugubuduza ndowa. Nditaitulutsa kuti tipite kudambo ndinaona msana utapindika, mutu ukugwedezeka paliponse pamene yaponda, chiuno chikupendekeka. Ndinayang'anitsitsa chiunocho ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti vuto lili m'ntchafu. Ndinati mwina inaterereka m'matope n'kubinya.

Ndinaimbira foni alangizi aja. Anali kutali, kumaphunziro a milungu ingapo, koma anandiyankha bwino. Anati, "Bambo, musanachite chilichonse, kwezani mwendowo muone kunsi kwa chiboda." Ndinayesa. Nditangogwira pamwamba pa chiboda, ng'ombe inandimenya theche pamsongolo, ine n'kukagwera m'ndowe. Ndinadzuka, ndinasuzumira chibodacho cham'mbali ndili patali, n'kungoona matope okhaokha. Madzulo alangizi ataimba kuti amve, ndinawayankha kuti ndaona ndipo palibe kanthu. Bodza limenelo ndinalinena chifukwa cha manyazi. Mwamuna wa zaka makumi asanu, mkulu wa mpingo, avomere kuti akuopa ng'ombe yake yomwe? Alangiziwo anakhulupirira mawu anga, ndipo anayamba kuganizira matenda ena.

Kuchokera tsiku limenelo sindinakhalenso pansi. Ndinkathowa ntchafu ija ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Ndinaipaka mankhwala amene anthufe timapaka tikaphwanya m'thupi, mpaka khola lonse linkanunkha ngati chipinda cha wodwala nyamakazi. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe katatu sabata imodzi, kukafotokoza m'masitolo a zaulimi. Uyu akandifunsa za nkhupakupa, ine n'kugula mankhwala a nkhupakupa. Uyo akatchula njoka zam'mimba, n'kugulanso amenewo. Sindingawaimbe mlandu, chifukwa aliyense ankayankha malinga ndi zimene ndamuuza, ndipo ine ndinkawauza za ntchafu.

Loweruka mfundo inapitirira ndi zala ziwiri. Loweruka linalo, zitatu. Apa ndinaganiza nzeru imene ndinkaiona ngati yabwino kwambiri. Ndinati popeza ikuwonda, ndiye kuti msipu wapafupi watha mphamvu, ndiipititse kutsidya kwa kamtsinje kumene udzu unali wofika m'chiuno. Ulendo unatalika kawiri. Ndinkaikoka ndi chingwe m'mawa, kuibweza masana kudzakama, kupita nayonso. Tikafika kumsipu wabwino uja, iyo inkabudula kawiri katatu kenako n'kugona pansi. Ng'ombe za anzanga zikudya, yanga ili gone, ikungondiyang'ana. Ndinkaidzutsa ndi kathyole. Ndikulemba zimenezi manyazi akundigwira.

Mkaka unatsika. Poyamba ndinkapita kosonkhetsera mkaka ndi chigubu chachikulu pa njinga, kenako ndinayamba kupita ndi chaching'ono, kenako ndinayamba kudikira kuti anzanga achokeko kaye ndisanafike. Mmodzi wa iwo anandipezabe tsiku lina. Anagwedeza chigubu changa n'kuseka, "Akulu, uwu ndi mkaka kapena ndi wothira m'tiyi wa alonda?" Ndinaseka naye.

Kunyumba ndinkangoyendayenda. Ndikhala pampando, ndadzuka, ndapita kukhola, ndabwerako, ndatenga chingwe chija kukayezanso ngakhale kuti ndayeza dzulo. Kutchalitchi ndinkakhala kutsogolo pamodzi ndi akulu anzanga, koma ulaliki sindinkaumva. M'maso mwanga munkangobwera nthiti, zimene tsopano zinkawerengeka munthu ali pamsewu, ndi mafupa awiri a m'chiuno atatuluka ngati zikhomo zokolekapo jekete. Tsiku lina mayi a Tiyamike anangoti, "Abambo, mwayamba kufanana nayo. Lamba wanu mwaboola kangati mwezi uno?"

Lolemba lina kumayambiriro kwa March ndinavala tayi, ndinatenga envulopu ya mapepala anga a sukulu ndi kalata ya kuntchito kwakale, n'kupita m'tauni kukafuna ntchito. Ndinayenda ofesi ndi ofesi kuyambira m'mawa. Kwina ankanditumiza kusiya kalata kwa alonda, kwina ankangondiyang'ana imvi n'kundiyankha mwaulemu kuti malo kulibe. Masana ndinapezeka nditaima pafupi ndi pokwerera minibasi, sindikudziwa kuti ndilowere kuti. Ndinakwera ya ku Limbe popanda chifukwa chenicheni, n'kukatsika ku Kanjedza kwa alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amene amagwira ntchito muofesi ndipo salankhula mozungulira.

Atamva zonse anati, "Alamu, ng'ombe imagulitsidwa ikadaima. Ikagona osadzukanso mudzagulitsa chikopa chokha. Mukuchedwa." Anandipatsa nambala ya munthu wina wa ku Mbayani amene amagula ng'ombe zokapha, dzina lake a Zuze. Nambalayo inakhala m'thumba la malaya anga milungu iwiri. Ndinkaitulutsa, kuiyang'ana, kuibwezamo.

Loweruka la kumapeto kwa March mfundo inapitirira ndi chikhatho chathunthu. Tsiku lomwelo Penshoni inatenga nthawi yaitali kuti idzuke, inayesa kawiri n'kugwanso, kachitatu ndiye inaima ikunjenjemera. Ndinaimba foni ija. A Zuze anati abwera Lachinayi kudzaona. Nditawauza mayi a Tiyamike, anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Chabwino. Koma ine tsiku limenelo ndisadzakhalepo."

Milungu yonseyi ndinkapemphera kuti ng'ombe ichire. Ndinapempha ndili chogwada, ndinapempha ndikuyenda, ndinapemphetsa ndi anzanga pa mapemphero a m'makomo. M'mawa wa Lachitatu, nditaima pakhomo la khola, ndinapeza kuti pemphero limenelo landithera. Ndinangoti, "Ambuye, za kuchira ndasiya. Mawa kukubwera munthu. Ine mtengo wa nyama sindiudziwa. Nditumizireni munthu amene sandibera." Ndi mawu okhawo amene ndinakwanitsa.

A Zuze anafika Lachinayi cha m'ma naini koloko pa njinga yamoto ya kabaza. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wa msinkhu ngati wanga, korona ili m'khosi, mpeni uli m'chikwama cha chikopa m'chiuno. Mayi a Tiyamike anali atanena kuti apita kwa anzawo, koma ndinawaona ataima kuseri kwa bafa. Mlendoyo anazungulira ng'ombe kamodzi, anatsina pamsana, anagwira pamchira, n'kupukusa mutu.

"Bwana, apa mwandiitanira mafupa. Nyama munadya kale nokha?"

Anatchula mtengo. Unali wochepa kwambiri, wosafika ndi theka la umene ndinagulira. Ndinati, "Chabwino, tengani."

Anandiyang'ana. "Mwati bwanji?"

"Ndati tengani."

"Iii, ayi. Zaka zonsezi ndikugula ng'ombe sindinaonepo mwini wake akuvomera mtengo woyamba. Munthu amakana kaye, amalumbira, amandithamangitsa pakhomo, kenako timagwirizana. Inu simukugulitsa, mukungofuna ichoke m'maso mwanu. Yadwala chiyani? Musandigulitse matenda."

Ndinawafotokozera za ntchafu, za mankhwala onse aja, ndi za msipu wa kutsidya. Ankamvetsera, koma maso awo sanali pantchafu. Anali atanjuta kumbuyo kwa ng'ombe, akuyang'ana pansi. Anati ndiiyendetse pang'ono. Itayenda mapazi asanu anati ndiime.

"Anzanga amayamba kuona nthiti," anatero. "Ine ndimayambira pansi, chifukwa mayi akunyumba amaphika mang'ina pamsika, ndiye miyendo yonse imadutsa m'manja mwanga. Mwendo uwu munaukwezapo?"

Ndinatsala pang'ono kubwereza bodza lija. Ndinati, "Ayi. Inandimenya, ndinaopa."

"Imeneyo ndiye nkhani. Ine yandimenyapo kambirimbiri, onani dzino ili. Bweretsani chingwe cholimba."

Tinaimangirira mutu pamzati. A Zuze anakoleka chingwe pamwamba pa chigongono cha mwendo uja, anachiponya pamtanda wa denga la khola, n'kundipatsa nsonga kuti ndikoke. Ng'ombe inalimbana nafe, khola lonse linagwedezeka. Anakuwa osatembenuka, "Mayi amene mwabisala kuseriko, bwerani mugwire mphuno, ng'ombeyi ikukudziwani inu!" Mayi a Tiyamike anabwera akuthamanga, anaigwira mutu n'kumailankhula pansipansi, ndipo inadekha.

A Zuze anatsuka chibodacho ndi madzi, anapala matope ndi ndowe zouma. Kunsi kunkaoneka bwinobwino, moti mtima wanga unati, mwaona, palibe kanthu. Koma iwo anatembenuza mpeni n'kuyamba kugogoda ndi chigwiriro, pano, apo, pano. Atagogoda mbali yakunja, ng'ombe inadzidzimuka thupi lonse. Anasenga pamenepo pang'onopang'ono, monga mmene munthu amasendera chinangwa, mpaka panaoneka kadontho kakuda. Anakatsata ndi nsonga ya mpeni. Mwadzidzidzi panatumphuka mafinya akuda onunkha, ambiri ndithu, moti ndinatsala pang'ono kutaya chingwe. Pambuyo pake anatokosamo kamwala kakang'ono kosongoka, kosaposa njere ya chimanga. Anakaika m'dzanja langa.

"Ntchafu yanu ndi imeneyo," anatero.

Kamwalako ndinakazindikira nthawi yomweyo. Mu December, mvula itayamba, njira yochokera kukhola kupita kudambo inasanduka matope. Ine matope sindigwirizana nawo, ndipo zaka zonse za ku Limbe ndinkadziwa kuti pamalo a matope pamathiridwa miyala ya kwale. Mnzanga wina amene ankamanga nyumba anali ndi yotsala. Ndinatuta mawilibala ambiri, ndinaiyala bwinobwino njira yonse mpaka kumunsi, ndipo anthu odutsa ankayamikira kuti pakhomo pano pali mwamuna wadongosolo. Ine ndinkayendapo ndi magambutsi. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe za amene ankayendapo kanayi pa tsiku wopanda nsapato, ziboda zitafewa ndi mvula.

A Zuze anatuluka kukaiona njirayo. Anatola miyala yodzaza dzanja, anaifinya, n'kuitaya. Sanandinyoze. Anandifunsa ngati ndinadyapo mang'ina, ndipo ndinati kamodzikamodzi.

"Ndiye mukudziwa kamafuta kofewa kaja kamakhala m'kati, kunsi kwa fupa, kamene anthu amalimbirana. Pamenepo ndi pamene ng'ombe imapondera. Ikakhala yonenepa, mafutawo amakhala ochindikala, ikaponda mwala sizimveka kwenikweni. Ikawonda, amatha. Mang'ina a ng'ombe yowonda makasitomala amabweza, amati mwatiphikira zikuni. Yanuyi inayamba kuwonda, ndiye miyala inaipeza ilibe chotchinga. Phazi litayamba kuwawa inasiya kudya, n'kuwonderatu. Inu poona kuwonda munaiyendetsa ulendo wautali pamiyala yomweyo. Mukanapitiriza, mwezi uno sukanatha."

Anatsuka bala lija ndi madzi amchere, anadula mbali yofewa kuti pasatsekekenso, n'kukulunga ndi nsalu yoyera imene mayi a Tiyamike anang'amba. Titatsitsa mwendo, ng'ombe inaima kanthawi, kenako inauika pansi. Sinaponde ndi mphamvu, koma inauika wonse, osati nsonga yokha.

Mtengo tinali titagwirizana, ndipo ine mawu anga sindibweza. Ndinati, "Ng'ombe ndi yanu, a Zuze. Ndinavomera kale."

Anasamba m'manja nthawi yaitali. Ndinaona kuti nkhaniyo sinali yophweka kwa iwonso. Anati, "Musaganize kuti sindikuifuna. Pa mtengo uja ndikanapindula bwino, ndipo kumapeto kwa mwezi nyama imayenda. Ndikanangokhala chete, bwezi pano tikuyang'ana galimoto. Koma tsopano ndaona. Mawa ndikamadula mwendo umenewu ndizidziwa kuti ndapha ng'ombe yamkaka chifukwa cha kamwala. Ayi, bwana. Sindigula. Itanani alangizi anu aipatse jakisoni, ine za jakisoni sindidziwa. Isayendenso mpaka ichire. Udzu muziubweretsa pano, madeya mubwezeretse, pogona pakhale pouma ndi pofewa."

Ndinafuna kuwapatsa kenakake. Anakana, anangolandira tiyi. Akumwa anauza mayi a Tiyamike kuti, "Mayi, amuna anuwa muziwadyetsanso madeya, nawonso mang'ina awo ndingabweze." Kanali koyamba m'milungu isanu ndi umodzi kumva akazi anga akuseka.

Njinga yawo itangozimiririka ndinaimbira alangizi, amene anali atabwerako kumaphunziro, ndipo ndisananene china chilichonse ndinawauza kuti ndinawanamiza. Anati, "Bambo, mukanangonena kuti yakumenyani, ndikanakutumizirani munthu tsiku lomwelo." Anabwera madzulo ake, anatsegula nsalu, anayamikira mmene bala linatsegulidwira, anaibaya jakisoni, n'kundiuza masiku amene mkaka suyenera kugulitsidwa kapena kumwedwa. Masana onse ine ndinali ndi fosholo ndi wilibala, kuchotsa miyala imene ndinaiyala ndi manja anga. Inanditengera masiku atatu.

Musaganize kuti mtima unakhala pansi pomwepo. Sabata yoyamba mkaka wochepa womwewo ndinkautaya pansi chifukwa cha jakisoni uja. Sabata yachiwiri bala linatupanso, ndipo tinakwezanso mwendo, ine ndi alangizi, ulendo uno ine ndikugwira chiboda ndi manja anga. Ndinkadzuka m'mamawa kukamweta nsenjere m'mbali mwa kamtsinje, kumanga mtolo pa njinga, kukankha chitunda chonse mpaka kunyumba, kawiri pa tsiku. Utuchi woyala m'khola ndinkakatenga kwa akalipentala. Tsiku lina ndikukankha njinga, mtolo utandiphimba mpaka kumutu, galimoto inaima pambali panga. Anali munthu amene kale ankabwera kudzagula simenti kwa ine, akundiitana kuti bwana. Anandifunsa ngati zinthu zili bwino. Ndinati zili bwino, ndipo ndinadabwa kuona kuti sindikunama.

Koma chingwe sichinkasuntha. Loweruka loyamba, chikhatho. Loweruka lotsatira, chikhatho. Ng'ombe inkadya tsopano, inkayeretsa modyera mpaka kunyambita matabwa, koma mfundo inali pomwepo. Ndinayambanso kuyendayenda. Ndinaimbira a Zuze kuwafunsa ngati sitinachedwe. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la msika ndi chikwanje chikugunda fupa. Anati, "Bwana, thupi limachoka pa minibasi, limabwerera wapansi. Siyani kuyeza tsiku ndi tsiku, mungoitopetsa." Mayi a Tiyamike anatenga chingwecho n'kuchibisa, ndipo ankachitulutsa Loweruka lokha.

Loweruka lachinayi mfundo inabwerera ndi chala chimodzi. Ndinayeza katatu kuopa kuti ndakoka mosiyana. Kumayambiriro kwa May zinatsala zala ziwiri, nthiti zinayamba kubisika, ubweya unayamba kuwala. Alangizi analola kuti iyambenso kupita kudambo lapafupi, kamodzi pa tsiku, poyenda yokha osaikoka. Ndinkayenda kumbuyo kwake maso ali pa mwendo uja, ndikuwerenga mapondedwe ake. Nthawi zina ndinkaona ngati ikutsimphina, nthawi zina ngati ayi. Sindinkakhulupirira maso anga.

Chitsimikizo chinabwera Lachisanu lina chakumapeto kwa May, cha m'ma teni koloko. Alangizi anali atandichenjeza kale kuti ng'ombe yowonda ndi yomva ululu sifuna nkhunzi, ndipo ikapanda kutenga bere mkaka udzaphwa, ine n'kutsala ndi ng'ombe yongodya. Kuyambira November inali isanaonetse chizindikiro chilichonse. Tsiku limenelo ndinali kudambo ndikumweta, ndinangomva mnzanga uja wa tiyi wa alonda akukuwa, "Akulu! Akulu! Taonani wodwala wanu!" Nditatembenuka ndinaona Penshoni itakwera pamsana pa ng'ombe yake, monga zimachitira zikafika nthawi yofuna nkhunzi. Miyendo yakutsogolo inali m'mwamba. Thupi lonse linali litatsamira pa miyendo iwiri yakumbuyo, ndipo wakumanzere uja unali utaponda nganganga m'dothi. Mundikhululukire potchula zoterezi pagulu, koma ine chikwakwa chinagwa m'manja. Ndinavula chipewa pomwepo m'dambomo ndipo ndinathokoza Mulungu mokweza, anthu akundiona. Madzulo ake alangizi anabwera kudzaipatsa mbewu ya nkhunzi kuti itenge bere.

Abale anga, ndinapempha kuti ng'ombe ichire, ndipo kwa milungu isanu ndi umodzi kumwamba kunali ngati kwatsekedwa. Nditatopa ndinapempha chinthu chaching'ono, munthu woti asandibere. Mulungu anandipatsa chaching'onocho, ndipo chachikulu chija anachiika m'kati mwake. Anatuma munthu amene ntchito yake ndi kupha, wa mpingo wina, amene akanapindula pongotseka pakamwa. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha a Zuze, chifukwa cha alangizi amene anandikhululukira, ndi chifukwa cha mayi a Tiyamike amene anati sadzakhalapo koma anakhalapo. Inu amene muli pakati pa vuto lanu lero, musaleke kupemphera ngakhale mawu atatsala ochepa. Ndipo ngati pali pena pamene mukuopa kukweza kuti muone, kapena pamene munanama chifukwa cha manyazi, yambirani pamenepo. Ine ndinathowa malo olakwika mwezi ndi theka.

M'mawa wotsatira Lachisanu lija, Loweruka, nditakama sindinapite kosonkhetsera mkaka. Ndinadzaza chigubu, ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, kuchokera apo ndinayenda wapansi kulowera ku Mbayani, ndikufunsa anthu kumene kuli benchi ya a Zuze. Ndinawapeza akupachika mwendo wa ng'ombe pa ngowe, akazi awo akukoleza moto pansi pa mphika waukulu. Ndinaika chigubu pabenchi n'kuwauza zimene zinachitika kudambo. Anaseka mpaka anagwira mzati, anaitana akazi awo kuti ndibwerezenso.

Kenako anatsegula chigubu, ananunkhiza, anati, "Mkaka ndalandira. Koma tigwirizane lero, bwana. Ikadzakalamba, mano atatha, musadzaitane munthu wina. Ndipo tsiku limenelo mudzakane mtengo woyamba."

Ndinawalonjeza kuti ndidzakana mpaka wachitatu. Anakhuthulira mkakawo m'poto, anandibwezera chigubu, ndipo ndinanyamuka msanga chifukwa kunyumba udzu unali usanamwetedwe.